Mchere wa Azakhali: Mbiri ya Khansa ndi Nkhani za Kuchipinda m'Chigwa cha Shire

Azakhali anga anatha pafupifupi chaka chathunthu osathira mchere m'ndiwo. Munali mu 2014, ine ndili Sitandade 6. Makolo anga ankakhala ku Nchalo, ndipo tchuthi chilichonse ankanditumiza kwa azakhaliwo, kutsidya kwa Shire, mbali ya ku Makhanga. Iwo ankasinja mapira ndi kuphika monga mwa masiku onse, koma mphika ukatsala pang'ono kuphulidwa ankandiitana: "Iwe mwana, tabwera udzathire mchere." Ine ndinkangothira n'kubwerera kukasewera. Mwana wakumudzi amakula akudziwa kuti mayi amene ali kumwezi sathira mchere, kuopa kudula anthu apabanjapo. Chimene mutu wanga wachibwana sunachigwire n'chakuti mwezi wa azakhaliwo sunkatha. Tchuthi cha Epulo ndinathira mchere, cha Ogasiti ndinathiranso, cha Disembala chimodzimodzi.

Inali khansa ya khomo la chiberekero. Azakhali ali moyo lero, ndipo ali m'gulu la amayi ochepa amene angathe kunena kuti anachira. Koma chaka chatha, nditapita kukacheza nawo pofuna kulemba ntchito ya m'kalasi ya mbiri yochokera pakamwa pa anthu, anandiuza mawu amene sanandichoke m'mutu: "Achipatala anachotsa nthenda, takhuta. Koma za banja langa panalibe wondifunsa."

Ndalemba nkhaniyi pofuna kulondola kumene kusafunsako kunachokera. Zinatheka bwanji kuti chigwa chimene chili ndi anankungwi, ankhoswe ndi malamulo ambirimbiri a kuchipinda chisowe mawu ouza mayi wochotsedwa chiberekero? Nanga chipatala, chimene chinaphunzira kukamba za kondomu poyera m'nthawi ya Edzi, chinachitiranji manyazi pa khansa?

Kutentha ndi kuzizira

Tiyambe tachotsa bodza limodzi, lakuti makolo athu sankakamba za kugonana. Ankakamba, kungoti nkhaniyo inali ndi eni ake, malo ake ndi nthawi yake. Pakati pa Amang'anja, amene mafumu awo a Lundu analamulira chigwachi kalekale Angerezi asanabwere, mtsikana akatha msinkhu ankalangizidwa ndi anankungwi. Asena, amene ambiri anakwera kuchokera ku chigwa cha Zambezi kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kuchiyambi kwa m'ma 1900 pothawa nkhondo ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, anabwera ndi maseseto awo. Ukwati ukagwedezeka, ankhoswe ankakhala pansi n'kufunsa mafunso amene ife a ku yunivesite tingagwe nawo nkhope lero. Kodi bamboyu akulowa m'nyumba? Kodi mayiyu akukana? Chayambitsa n'chiyani?

Pansi pa zonsezi panali chiphunzitso cha kutentha ndi kuzizira. Munthu amene wagona ndi mwamuna kapena mkazi, ngakhalenso mayi amene ali kumwezi, ankatengedwa kuti ndi wotentha. Khanda, nkhalamba ndi wodwala ndi ozizira. Wotentha akakhudza chozizira pa nthawi yolakwika, makamaka kudzera mu mchere, pamabuka mdulo kapena tsempho: kutupa, kutsokomola, kuwonda. Wansembe wa ku Netherlands, Matthew Schoffeleers, amene anakhala zaka zambiri m'chigwachi n'kutulutsa buku la River of Blood mu 1992, anasonyeza mmene chipembedzo cha M'bona ku Khulubvi chinkalumikizira khalidwe la anthu ndi kugwa kwa mvula. Ndiye kuti zochitika pa mphasa ya anthu awiri zinkawerengedwa kuti zimakhudza mudzi wonse.

Malamulo amenewa anali ndi chifundo chake. Mayi akabereka ankapumula miyezi ingapo mwamuna osamuvutitsa. Mwana akadwala kwambiri, makolo ankadziletsa mpaka atachira. Matenda ndi nkhani za kuchipinda zinkakambidwa pamodzi, ndipo mwamuna ankadziwa kuti nayenso ali ndi udindo. Vuto lake n'lakuti malamulowa anapangidwira magazi amene amatha. Mwezi umabwera n'kupita, uchembere umapola. Magazi a khansa salekeza, ndipo nthawi zambiri amabwera mayi akangogona ndi mwamuna wake. Mayi wotere ankasanduka wotentha wa masiku onse: mchere ayi, mphasa yakeyake. Ndipo popeza nthenda ya kumalo obisika inkafuna kumasulira, mayankho amene analipo anali chigololo, ufiti, kapena kudumpha mwambo. Onsewa ndi mayankho ochititsa manyazi, ndipo manyazi amatseka pakamwa.

Mtundu wa ukwati nawonso unkasintha mathero a nkhani. Pa chikamwini cha Amang'anja, mayi wodwala amakhala pakati pa abale ake, koma mkamwini atha kungonyamula kathumba kake n'kubwerera kwawo. Pa ukwati wa Chisena wolowola, mayi amakhala kwa mwamuna, ndipo akalephera kubereka kapena kugwira ntchito za m'nyumba, njira ya mitala imakhala yotseguka. Azakhali anga anali a ukwati wachiwiriwu.

Atsamunda anabwera kudzawerenga

Boma la Nyasaland litakhazikika, Nsanje n'kutchedwa Port Herald, chimene linkafuna m'chigwachi chinali thonje, msonkho ndi antchito. Zipatala zake zoyamba zinali zosamalira azungu, asilikali ndi ogwira ntchito m'boma. Anthu wamba ankadalira kwambiri mamishoni ndi asing'anga. Katswiri wa mbiri Megan Vaughan, m'buku lake la Curing Their Ills la mu 1991, anafotokoza kuti madokotala a nthawi ya atsamunda ankaona Mwafirika ngati chiwalo cha mtundu wakutiwakuti, osati ngati munthu payekha wokhala ndi nkhawa zakezake. Akamakamba za kugonana kwa Aafirika, nkhani inali ya chindoko ndi khalidwe loipa. Za chikondi cha wodwala ndi mnzake wa pabanja zinalibe malo m'malipoti awo. Ngakhale chisamaliro cha maganizo chinayamba ngati ndende: malo osungirako odwala misala anatsegulidwa ku Zomba mu 1910 pansi pa ulamuliro wa zandende. Mpaka lero, ukauza munthu wakumudzi kuti akaonane ndi wa zamaganizo, yankho lake limakhala lakuti, "Kodi ndapenga?"

Khansa inalowa m'mabuku a dera lathu kudzera m'mapu. Mu 1958, chaka chimene chipatala cha Queen Elizabeth chinatsegulidwa ku Blantyre, dokotala wa ku Ireland wogwira ntchito ku Kampala, Denis Burkitt, analemba za chotupa chimene chinkatupitsa nsagwada za ana. Mu 1961 iye ndi anzake awiri anayenda pagalimoto mtunda wa makilomita pafupifupi 16,000, kudutsanso ku Nyasaland, akufunsa m'zipatala zoposa 50. Anapeza kuti chotupacho chimachuluka m'malo otsika, otentha ndi achinyezi, malo a mtundu wa chigwa chathu, ndipo chimasowa kumapiri. Pambuyo pake zinadziwika kuti malungo ndi kachilombo ka Epstein-Barr, kamene kanapezeka mu 1964, ndi zimene zimathandizana poyambitsa khansayi. Imeneyi inali ntchito yaikulu ya sayansi, ndipo ana ambiri akuchira lero chifukwa cha iyo. Koma funso la ulendowo linali lakuti zotupa zilipo zingati ndipo zili kuti. Za mayi amene wanyamula mwanayo kumsana, zimene amaganiza usiku, unali ulendo wina umene sunayendedwe.

Chigwachi chili ndinso khansa yakeyake ya m'madzi. Likodzo, limene nkhono zake zimaswana m'madambo monga Elephant Marsh ndi Ndindi ndi m'ngalande za ulimi wothirira, likakhalitsa m'thupi limatha kuyambitsa khansa ya chikhodzodzo. Kwa amayi limasiyanso zilonda m'njira ya chiberekero zimene zimatulutsa magazi ndi kupweteka pogonana. M'midzi ina anthu ankati mnyamata akamakodza magazi ndiye kuti akukula. Apanso magazi anali ndi tanthauzo lake asanafike kwa dokotala.

Edzi inatiphunzitsa kukhala pansi

Munthu woyamba wodwala Edzi anapezeka m'Malawi mu 1985. M'nthawi ya Kamuzu Banda nkhani za kugonana sizinkakambidwa pawailesi mwachisawawa, ndipo dziko linataya zaka zingapo lili chete. Pamodzi ndi Edzi panabwera khansa ya pakhungu ya Kaposi, ya mawanga akuda ndi miyendo yotupa ngati mtondo. Kaundula wa khansa amene anayamba ku Blantyre m'zaka za m'ma 1980 anasonyeza kuti khansa imeneyi inakwera mpaka kukhala yofala koposa pakati pa amuna. Kwa anthu ambiri a msinkhu wa makolo athu, khansa yoyamba kuiona ndi maso inali imeneyi, ndipo mawu akuti khansa anamatirira ku mawu akuti Edzi ndi chiwerewere.

Koma mliri umenewu unabweretsanso chinthu chatsopano m'chipatala: uphungu. Boma litayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, m'zipatala za boma ku Chikwawa ndi ku Nsanje, ku Ngabu, ku St Montfort ku Nchalo, ku Trinity ku Muona ndi ku Kalemba ku Bangula, anthu anazolowera kachipinda kamene munthu amalowa, chitseko n'kutsekedwa, wina n'kumufunsa za moyo wake wa m'banja popanda kumuweruza. Kunabwera magulu othandizana a anthu amene ali ndi kachilombo. Kunabwera odwala odziwa bwino za mankhwala amene ankalangiza anzawo. Mwamuna ndi mkazi anayamba kuitanidwa limodzi kukayezetsa. Dziko losauka linasonyeza kuti lingathe kuphunzitsa anthu wamba masauzande ambiri luso lomvetsera.

M'nthawi yomweyo munayamba chisamaliro chochepetsa ululu kwa odwala matenda osachiritsika. Maganizo ake anachokera kwa Cicely Saunders, amene anatsegula St Christopher's Hospice ku London mu 1967 ndipo ankaphunzitsa kuti ululu wa wodwala umakhala wa thupi, wa maganizo, wa pabanja ndi wa mzimu pa nthawi imodzi. Anne Merriman anawabweretsa ku Uganda mu 1993 pamodzi ndi mofini wamadzi wotsika mtengo. Kwathu kuno, Tiyanjane inayamba ku Queen Elizabeth mu 2003, bungwe la Palliative Care Association of Malawi mu 2005, Ndi Moyo ku Salima mu 2007, ndipo boma linatulutsa ndondomeko yake mu 2014. Anamwino a chisamaliro chimenechi ndi amene achita zambiri kuposa wina aliyense pomvetsera odwala khansa. Komabe, anthu ambiri amawaona ngati a kumathero a ulendo. Munthu amene wachira, ngati azakhali anga, amagwera pakati: sali wodwala woti n'kumuyendera, komanso thupi lake silinabwerere mwakale.

Makina anafika, mawu anatsalira m'mbuyo

Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero imapha amayi kwambiri padziko lonse. Chiwerengero cha bungwe la WHO cha chaka cha 2020 chinasonyeza amayi 4,145 opezeka ndi khansayi ndi 2,905 omwalira nayo m'chaka chimodzi. Imayamba ndi kachilombo ka HPV, kamene Harald zur Hausen wa ku Germany anasonyeza m'zaka za m'ma 1980 kuti ndiko gwero lake. Kachilomboka n'kofala kwambiri moti anthu ambiri amene anagonanapo amakatenga nthawi ina, ndipo mwa ambiri thupi limakachotsa lokha. Mayi wa mwamuna m'modzi moyo wake wonse atha kukhala nako. Mayi amene ali ndi HIV ali pa chiopsezo chochuluka kasanu ndi kamodzi chodwala khansayi.

Pa zaka 20 zapitazi zambiri zachitika. Kuyambira mu 2004 boma linafalitsa njira younika ndi viniga: namwino amapaka viniga pakhomo la chiberekero, malo amene ayamba kudwala amayera, ndipo atha kuwawotcha ndi kachipangizo tsiku lomwelo khansa isanayambe. Katemera wa HPV, atayesedwa ku Rumphi ndi ku Zomba, anayamba kuperekedwa kwa atsikana a zaka 9 m'dziko lonse mu Januwale 2019. Mu 2018 bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba ntchito ya khansayi ku Blantyre ndi ku Chiradzulu, ndipo kuyambira mu 2022 linkatumiza amayi ena ku Kenya kukalandira radiotherapy, chifukwa m'dziko muno munalibe makina ake. Makina oyamba anafika ndi chipatala cha International Blantyre Cancer Centre mu 2024, ndipo National Cancer Centre ya boma ku Lilongwe inatsegulidwa mu 2025. Amenewa ndi masitepe enieni, ndipo amene amanyoza sanaonepo mayi akumwalira podikira ndege ya ku India.

Koma taonani mmene nkhani ya kuchipinda imabisalira pa sitepe iliyonse. Mayi akawotchedwa pakhomo la chiberekero amauzidwa kuti akhale milungu 4 osagona ndi mwamuna kuti bala lipole. Akafika kunyumba aziyamba bwanji? Mwamuna amene sanamve yekha kwa namwino atha kuganiza kuti mkazi wake watenga matenda kwina, kapena wapeza chonamizira. N'chifukwa chake amayi ena amakana chithandizo cha tsiku lomwelo, amati akayambe afunsa abambo kunyumba, ndipo ena sabwereranso. Chithandizo cha mphindi zochepa chimagonja pa nkhani imene palibe anaikamba.

Onjezerani mtunda. Kuchokera pa boma la Nsanje kukafika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 180, kukwera zitunda za ku Thabwa. Wa kutsidya kwa Shire ayenera kuwoloka pa bwato kapena kuzungulira msewu wa East Bank. Madzi osefukira a mu Januwale 2015 anasandutsa Makhanga chilumba, ndipo kabuku ka kuchipatala ka azakhali kanapita ndi madzi pamodzi ndi tsiku limene anawalembera. Anakhala miyezi pa msasa wa anthu othawa madzi, akutaya magazi, m'tenti ya anthu ambiri, popanda pobisala pochapira nsalu zawo. Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 anabwereza zomwezo kwa amayi ena. Wodwala wa ku chigwa akapita kumtunda amatha masabata kapena miyezi, gadiyani wake amakhala mchemwali kapena mayi ake, mwamuna amatsala kumudzi kusamala dimba. Zonse zimene adokotala amafotokoza zimamveka ndi makutu a akazi okhaokha.

Zimene azakhali sanauzidwe

Anawachita opaleshoni pakati pa chaka cha 2015 pa chipatala china chachikulu. Potuluka anauzidwa za mankhwala, za kusanyamula zolemera, ndi tsiku lobwerera. Iwo anali ndi funso limodzi pakhosi, koma wodi inali yodzaza, namwino anali m'modzi, ndipo wowafotokozera anali mnyamata wa msinkhu wa mwana wawo. Sindikumuimba mlandu mnyamatayo. Mwina nayenso kusukulu sanamuphunzitse poyambira.

Kumudzi, mayankho anali atafika kale iwo asanafike. Anthu ankati mkazi wochotsedwa chiberekero ndi mphako, mkati mulibe kanthu. Ena ankati mwamuna akalowamo atenga khansa. Amuna awo, munthu amene sanawamenyepo ndipo anagulitsa mbuzi zake zonse kuti apeze thiransipoti, anasamutsira mphasa yawo kukhonde. Patatha chaka anakwatira mkazi wachiwiri. "Sanandithamangitse," anatero azakhali. "Anangosiya kundiona."

Zoona zake ndi izi, ndipo ndikuzilemba mosabisa chifukwa kubisa ndiye nthenda imene ndikuikamba. Khansa sipatsirana pogonana. Mayi wochotsedwa chiberekero saberekanso ndipo sapitanso kumwezi, koma njira ya kumaliseche imakhalapo, ndipo bala likapola, nthawi zambiri pakatha milungu 6 kapena kuposerapo adokotala akavomereza, atha kukhalanso malo amodzi ndi mwamuna wake. Ngati achotsanso tiziwalo topanga mazira, kapena ngati walandira radiotherapy m'chiuno, thupi limalowa msanga mu ukalamba wa chikazi: kumva kutentha, kuuma kumaliseche, kuchepa kwa chilakolako. Radiotherapy imathanso kuchepetsa ndi kuumitsa njirayo, ndipo pali tizipangizo ndi mafuta ofewetsa zimene zimathandiza ngati mayi waphunzitsidwa msanga. Munthu amene wawotchedwa ndi makina a kunja kwa thupi sanyamula mphamvuyo kupita nayo kunyumba. Mankhwala a kemo amathothola tsitsi ndi kufooketsa, koma tsitsilo limameranso.

Amuna nawonso ali ndi chinsinsi chawo. Chithandizo cha khansa ya prostate chimatha kugwetsa mphamvu za abambo kapena kuwachititsa kudontha mkodzo. M'dera limene mwamuna wotere amanenedwa kuti anagwa mu mpapaya, ndani angapite kukafunsa kwa namwino wamkazi? Ambiri amakathera kwa ogulitsa gondolosi, ena ku mowa. Mayi wodulidwa bere amafunda chitenje pachifuwa ngakhale kutentha kwa Okutobala kwa ku Ngabu. Ku America, dokotala Jimmie Holland anayambitsa nthambi yosamalira maganizo a odwala khansa pa chipatala cha Memorial Sloan Kettering ku New York mu 1977, ataona kuti odwala ankafunsidwa za chotupa chokha. Ngakhale kumayiko olemerako, nkhani ya kugonana ndi imene madokotala amaizemba kwambiri. Manyazi amenewa si a Asena kapena Amang'anja okha.

Chaka cha 2016 ndi manyazi atsopano

Pali chifukwa china chimene chigwa chathu chimavutikira kukamba nkhanizi. Mu 2016 wailesi ya BBC inaulutsa nkhani ya fisi wa ku Nsanje amene anavomera kuti ankalipidwa kugona ndi atsikana ndi amayi amasiye pamene iye ali ndi HIV. Anamangidwa ndi kulamulidwa kukhala kundende zaka ziwiri. Lamulo la Gender Equality Act la mu 2013 ndi lamulo la HIV ndi Edzi la mu 2018 amaletsa miyambo yovulaza ngati imeneyi, ndipo ine ndikugwirizana nawo ndi mtima wonse. Kusasa fumbi ndi kulowa kufa kwafalitsa HIV ndi HPV, ndipo mtsikana woyamba zogonana ali wamng'ono amakhala pa chiopsezo chachikulu cha khansa ya khomo la chiberekero.

Komabe nkhaniyi inasiya chipsera china. Ife ochokera ku chigwa tikatchula kwathu pa yunivesite, nthabwala yoyamba imakhala ya fisi. Anankungwi anayamba kuonedwa ngati adani a chitukuko, anthu oti aziitanidwa ku misonkhano kukadzudzulidwa basi. Nawonso anaphunzira kutseka pakamwa pamaso pa mlendo wa kabuku m'manja. Potero tinakankhira kutali anthu okhawo amene mudzi unawapatsa chilolezo chotchula ziwalo za thupi ndi mayina ake. Chipatala chili ndi choonadi koma chilibe nthawi ndi chilolezo. Nankungwi ali ndi chilolezo koma nthawi zina amanyamula bodza lakuti mkazi wopanda chiberekero ndi mphako. Pakati pa awiriwa ndi pamene banja la azakhali linagwera.

Kodi zimenezi si za anthu okhuta?

Mnzanga wina wophunzira za unamwino anandifunsa funso loyenera. Anati m'dziko limene mankhwala a kemo amatha, amayi ambiri amafika khansa itafalikira kale, ndipo namwino m'modzi amasamala wodi yonse, kodi kukamba za chilakolako si kuseweretsa nthawi? Choyamba tipulumutse moyo, zinazo pambuyo.

Ndikumumvetsa, koma mbiri imene ndalondola pamwambapa ikunditsimikizira kuti zinazo ndi zimene zimalamula ngati moyowo upulumuke. Mayi amachedwa kupita kuchipatala chifukwa magaziwo amatanthauza manyazi. Amakana kuwotchedwa chifukwa cha milungu 4 ija. Amathawa opaleshoni chifukwa anaona mnzake atasiyidwa banja. M'dera limene munda, nyumba ndi ndalama ya minibasi zili m'manja mwa mwamuna, kutha kwa banja ndi kutha kwa chithandizo. Bungwe la WHO linaika mu 2020 cholinga chakuti pofika 2030, atsikana 90 mwa 100 alionse akhale atalandira katemera, amayi 70 mwa 100 aunikidwe, ndipo 90 mwa 100 opezeka ndi vuto athandizidwe. Nambala yachitatuyo sitingaifike ngati amuna a ku Tengani, Mlolo ndi Chapananga sanamve zoona.

Ndipo zimene zikufunika si makina a mabiliyoni. Tachita kale ndi Edzi. Aphungu amene ali m'zipatala zathu atha kuphunzitsidwa za khansa. Mwamuna atha kuitanidwa tsiku lotulutsa wodwala, ndipo ngati ali kutali, wazaumoyo wa m'mudzi atha kukamufotokozera kunyumba m'Chisena kapena m'Chimang'anja. Amayi ochira atha kukhala alangizi a anzawo monga anachitira a ma ARV. Anankungwi ndi ankhoswe, a kumudzi ndi a kumpingo omwe, atha kukhala pansi ndi anamwino, aliyense n'kubweretsa chimene ali nacho. Mutu umodzi susenza denga. Ndipo makina a ku Blantyre ndi ku Lilongwe akamagwira ntchito, ochira azichuluka. Funso la azakhali lizifunsidwa ndi anthu ambiri chaka ndi chaka.

Ife ophunzira za mbiri, zilankhulo ndi chikhalidwe tilinso ndi gawo. Chichewa chathu cha kuchipatala chili ndi mawu a malungo ndi a kulera, koma pa zimene radiotherapy imachita m'thupi la mayi timangosakaniza Chingerezi ndi kuloza ndi chala. Kupeza mawu aulemu koma omveka, amene namwino wa zaka 24 angauze bambo wa zaka 60 popanda wina kuyang'ana pansi, ndi ntchito yathu ifeyo.

Azakhali anamva zoona mu 2021, kwa namwino wina wopuma pantchito amene anabwera ku msonkhano wa amayi a mpingo. Anawatengera pambali n'kuwafunsa funso limene analisunga zaka 6. Namwinoyo anayankha m'mphindi zosakwana zisanu. Azakhali akuti anaseka, kenako analira njira yonse yobwerera kunyumba. Amuna awo amakhalabe kwa mkazi wamng'ono, amabwera kudzaona ana ndi kudzathandiza kudimba. Azakhali sanawauze. Akuti nthawi yake inapita.

Koma masiku ano amayi a m'mudzimo akaona magazi osadziwika bwino amagogoda pakhomo pawo usiku, ndipo awiri anawaperekeza okha kukaunikidwa. M'modzi atauzidwa za milungu 4, azakhali anapita kukakhala pansi ndi mwamuna wake pansi pa mtengo wa masau, ngati nkhoswe, mpaka anamvetsa.

Tsiku lotsanzikana, ndikulongedza kope langa, anandigwira dzanja. "Mwana wa achimwene, zimene walembazo zikathera kuti?" Ndinati kwa aphunzitsi, akachonge. Anapukusa mutu. "Aphunzitsi akowo akudziwa kale. Ukalembenso m'chilankhulo choti amuna a kuno amve."